Korali Akayamba Kufooka M'thanki, Yambani Ndi Madzi

Pa ziweto zonse zimene munthu angasunge m'nyumba, korali ndiye wovuta kumumvetsa. Galu akadwala amakana chakudya, nkhuku imazyolika, mbuzi imalira usiku wonse. Korali alibe mawu ndipo sachoka pamene mwamuika. Akavutika amangodzikwinya, kusintha mtundu, kapena kuyamba kusiya chigoba chake poyera. Mwini wake akamadzazindikira, nthawi zina vuto limakhala litatenga kale sabata ziwiri. Mwezi uno patsamba lino tikambirana zimene mungachite mukaona kuti korali wa m'thanki yanu wayamba kufooka, komanso mmene mungatetezere banja lanu pamene mukumusamalira.

Ambiri a ife tidazolowera mbuna za m'Nyanja ya Malawi, nsomba zimene zimakongoletsa mathanki m'mayiko ambiri. Koma nyanja yathu ndi ya madzi opanda mchere, ndipo luso losunga mbuna silikwanira pa korali. Kwawo kwa korali ndi m'nyanja zamchere zofunda, monga kuzilumba za Bazaruto ndi Quirimbas ku Mozambique, ku Zanzibar, ku Sodwana Bay ku South Africa, ku Indonesia, ndi ku Great Barrier Reef ku Australia, komwe makorali adamanga matanthwe otalika makilomita pafupifupi 2,300. Woweta korali m'nyumba amakhala akuyesa kusunga kachidutswa ka nyanja yoteroyo m'galasi la malita 100 kapena 200. M'nyanja madzi sasintha msanga chifukwa ndi ambiri. M'galasi laling'ono angathe kusintha tsiku limodzi lokha, ndipo apa ndi pamene mavuto ambiri amayambira.

Kuti nkhani yathu imveke bwino, titenga chitsanzo cha korali mmodzi wodziwika kwambiri m'masitolo, amene ogulitsa amamutchula kuti hammer coral, wa m'gulu limene osunga makorali amalitchula kuti Euphyllia. Ali ndi chigoba chamwala chokhala ndi nthambi, ndipo pamutu pa nthambi iliyonse pamatuluka timikono tofewa tokhala ndi nsonga ngati kahamala. Akakhala bwino amatutumuka n'kumagwedezeka ndi madzi. Akavutika zimaoneka msanga, n'chifukwa chake ndi wabwino kuphunzirirapo.

Korali ndi nyama yoweta zomera m'thupi mwake

Anthu ambiri amayesa korali ndi mwala kapena duwa. Iye ndi nyama, wachibale wa jellyfish, ndipo amapangidwa ndi tinyama totchedwa mapolipi. Polipi aliyense ali ndi kakamwa pakati ndi timikono tozungulira. Makorali a chigoba amatenga kashiamu ndi kaboneti m'madzi n'kumamanga nazo chigoba chawo pang'onopang'ono.

M'mnofu mwa korali mumakhala tindere tosaoneka ndi maso totchedwa zooxanthellae. Tindere timeneti timapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala, monga amachitira masamba a chimanga, ndipo timagawira korali gawo lalikulu la chakudyacho. Mwa makorali ena gawoli limafika 90 pa 100 ya mphamvu zimene amafunikira. Korali naye amapatsa tinderet malo okhala ndi zinyalala za m'thupi mwake, zimene kwa ito ndi feteleza. Mtundu wofiirira wa makorali ambiri umachokera kwa tindere timeneti.

Madzi akatentha kwambiri kapena kuwala kukachuluka mwadzidzidzi, mgwirizanowu umasokonekera ndipo korali amatulutsa tindere tija. Mnofu wake umatsala woonekera ngati galasi, chigoba choyera n'kumaonekera mkati. Zimenezi zimachitikanso m'nyanja. Madzi akakwera ndi digiri imodzi yokha kuposa mmene amafundira nyengo yotentha, n'kukhala choncho kwa sabata zingapo, makorali amayamba kuyera. Zidachitika m'nyanja zambiri za dziko lapansi mu 1998, mu 2010, ndi pakati pa 2014 ndi 2017, ndipo mu April 2024 bungwe la ku America la NOAA lidalengeza kuti zachitikanso kachinayi. Ngati digiri imodzi ikuvutitsa korali m'nyanja yaikulu, ganizirani zimene hita yowonongeka ingachite m'thanki ya pabalaza.

Kodi wadwaladi?

Kutseka kulikonse si matenda. Korali wa hamala amabweza timikono take usiku, amachitanso chimodzimodzi mukangomusuntha kapena mukangosintha madzi. Makorali ofewa otchedwa leather coral amatha kutseka kwa masiku angapo, n'kupanga kakhungu konyezimira pamwamba, kenako n'kukafundula ndi kutsegukanso ali athanzi. Korali watsopano naye amafuna masiku angapo kuti azolowere. Muyenera kuyamba kudandaula ngati korali amene ankatutumuka tsiku lililonse wakhala wotseka masana kwa masiku atatu kapena anayi otsatizana.

Pali zizindikiro zina zimene muyenera kuzisiyanitsa, chifukwa chilichonse chimaloza kwina. Korali woyera koma mnofu ukadalipo, timikono tikutulukabe, ndiye kuti wataya tindere take. Ali moyo ndipo angachire. Korali amene wasanduka wofiirira kwambiri, mitundu yake yowala itazimirira, nthawi zambiri amakhala pamalo a mdima kapena m'madzi ochuluka zinyalala. Mnofu ukamabwerera m'mbuyo kuchokera m'munsi mwa mutu, chigoba chakuthwa n'kumatsala pamtunda, vuto limakhala la madzi, la mphamvu ya pampu, kapena la chinthu chimene chikumuluma. Choopsa kwambiri pa korali wa hamala ndi utoto wofiirira wonanda ngati phala, wonunkha, wokuta mutu wake. Amenewa ndi matenda amene osunga makorali amawatchula kuti brown jelly, ndipo angamalize mutu wonse tsiku limodzi kapena awiri.

Musafulumire kutaya korali poganiza kuti wafa. Zimitsani nyali zoyera, muyatse yabuluu yokha. Mnofu wamoyo wa makorali ambiri umawala pansi pa kuwala kwabuluu, ndipo ngakhale kachidutswa kakang'ono kotsalira m'ming'alu ya chigoba kangathe kukulanso. Chigoba chakufa chimayamba kumera ndere pakapita masiku ochepa.

Funso loyamba: chasintha n'chiyani?

Munthu akaona korali wake akufooka, mtima umamuuza kuti achite zonse nthawi imodzi: asinthe theka la madzi, amusunthe, athire mankhwala, awonjezere nyali. Kutero kumawonjezera mavuto pa nyama yodwala kale, ndipo ikachira kapena ikafa simudziwa chimene chachititsa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kupatula matenda a utoto wofiirira aja ndi madzi otentha kwambiri, mavuto ambiri a korali amakupatsani mpata wofufuza.

Khalani pansi muganize za sabata ziwiri zapitazi. Kodi mwagula nyali yatsopano, kapena mwapukuta galasi lapamwamba limene linali ndi mchere wambiri, kuwala n'kuchuluka? Mwasintha mtundu wa mchere? Mwaika nsomba kapena korali wina? Pampu ina yaima? Munthu wina wapopera mankhwala a udzudzu kapena mafuta onunkhira m'chipindamo, kapena waviika m'madzi dzanja lodzola mafuta kapena la sopo? Mwana waponyamo ndalama yachitsulo? Mkuwa, ngakhale wochepa kwambiri, umapha makorali, nkhono ndi nkhanu. Umalowa m'thanki kudzera m'mapaipi amkuwa, m'zitsulo zogwera m'madzi, ndi m'mankhwala ena ochizira nsomba. Mankhwala oterowo asathiridwe m'thanki ya makorali.

Kope laling'ono loikidwa pafupi ndi thanki limathandiza kwambiri pa nthawi ngati imeneyi. Muzilembamo tsiku, zotsatira za kuyeza madzi, ndi chilichonse chimene mwasintha. Muzijambulanso korali pafoni kamodzi pa sabata, nthawi yofanana, mutaima pamalo omwewo. Maso amene amaona chinthu tsiku ndi tsiku sazindikira kusintha kwapang'onopang'ono, koma zithunzi ziwiri zoyandikana zimakuonetsani.

Yezani madzi

Yambani ndi kutentha. Makorali ambiri a m'mathanki amakhala bwino pa madigiri 24 mpaka 26. Musangokhulupirira nambala yolembedwa pa hita. Yezani ndi thermometer ina yapadera, m'mawa ndi masana. Madzi akamafika madigiri 29 kapena 30, zimitsani nyali, tsegulani chivundikiro, ndipo muike fani yoti iziwomba pamwamba pa madzi. Botolo la madzi oundana lotsekedwa bwino lingathandize, bola madzi asazizire mwadzidzidzi.

Chachiwiri ndi mchere. Madzi a m'nyanja amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa kilogalamu imodzi, ndipo pa choyezera chotchedwa refractometer amaonetsa 1.025 kapena 1.026. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti madzi akamauluka ndi kutentha, mchere umatsala. Thanki ya malita 200 ikataya malita 10, mchere umakwera kuchoka pa 35 kufika pafupifupi 37. Choncho madzi ouluka amabwezedwa ndi madzi opanda mchere, pang'ono tsiku lililonse. Madziwo akhale osefedwa ndi makina a reverse osmosis. Madzi a pampopi amakhala ndi kulorini, ndipo a pachitsime kapena pamjigo angakhale ndi zitsulo ndi zotsalira za feteleza. Choyezeracho nachonso chimasokera, motero muzichiyesa ndi madzi oyesera a 35 amene amagulitsidwa m'masitolo a nsomba. Mukapeza kuti mchere wakwera kapena watsika, ukonzeni pang'onopang'ono, osapitirira 0.001 pa tsiku.

Chachitatu ndi alkalinity, muyezo wa kaboneti amene korali amamangira chigoba. Madzi a m'nyanja amakhala pafupifupi pa 7 dKH, ndipo m'mathanki ambiri amasungidwa pakati pa 7 ndi 11. Kukhazikika kwa nambalayi n'kofunika kuposa nambala yeniyeniyo. Korali angakhale bwino pa 8 kapena pa 10, koma kudumpha kuchoka pa 7 kufika pa 10 usiku umodzi kungamusupule mnofu. Musasinthe kuposa 1 dKH pa tsiku. Kashiamu akhale pakati pa 380 ndi 450 ppm, maginiziyamu pakati pa 1,250 ndi 1,350 ppm. Maginiziyamu akachepa, kashiamu ndi alkalinity zimavuta kuzikhazika ngakhale muzithira tsiku lililonse.

Pomaliza yezani zinyalala. Amoniya asapezeke konse. Akapezeka, fufuzani nsomba kapena nkhono yakufa kuseri kwa miyala. Nayitireti ndi fosifeti zikachuluka zimameretsa ndere zokuta makorali. Koma kuzichotseratu n'kulakwitsanso, chifukwa tindere ta m'thupi mwa korali timafunika pang'ono zimenezi kuti tikhale ndi moyo. Korali wa hamala m'madzi oyeretsedwa mopitirira amayezuka n'kuwonda. Osunga ambiri amasunga nayitireti pakati pa 2 ndi 10 ppm, fosifeti pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm.

Ngati mwayeza zonse koma simukupeza cholakwika, sinthani gawo limodzi mwa magawo 10 a madzi, kutanthauza malita 20 pa thanki ya malita 200, ndipo mubwereze pakapita masiku atatu kapena anayi. Gwiritsani ntchito mchere wopangidwira makorali, chifukwa mchere wa pandiwo ulibe zofunikira zina. Usungunuleni dzulo lake mu ndowa yoyera yosagwirapo sopo, ndipo madziwo afanane ndi a m'thanki pa kutentha ndi pa mchere. Ikaninso makala apadera osefera madzi otchedwa activated carbon, amene amayamwa poizoni wina wosaoneka pa zoyezera zanu. Makala a pambaula sagwira ntchito imeneyi.

Kuwala ndi kayendedwe ka madzi

Nyali za LED za masiku ano n'zamphamvu kuposa mmene maso athu amaonera, makamaka kuwala kwabuluu kumene kumaoneka kwa mdima kwa ife pamene kwa korali kuli kowala kwambiri. Korali wa hamala amafuna kuwala kwapakati. Pa muyezo wa PAR, osunga ambiri amamuika pakati pa 75 ndi 150, pamene makorali a nthambi zolimba monga Acropora amafuna 200 kapena kuposerapo. Korali woyezuka watsala wopanda chomutchinga, ndiye kuwala kwambiri kumamupsereza. Mutsitsireni pansi pa thanki kapena pambali pa mwala pamene pali kamthunzi, kapena muchepetse mphamvu ya nyali. Akayamba kubwerera mtundu, muziwonjezera kuwala pang'ono sabata iliyonse. Maola 8 mpaka 10 a kuwala pa tsiku ndi okwanira, ndipo kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa nyali pa nthawi yake kamakuchotserani nkhawa yoiwala.

Popeza korali sayenda, madzi ndi amene amamubweretsera mpweya ndi chakudya, n'kumuchotsera zinyalala. Madzi akaima, matope amakhazikika pamnofu n'kuyambitsa zilonda. Akathamanga kwambiri amakankhira mnofu wofewa pa chigoba chakuthwa n'kuwung'amba. Yang'anani timikono take. Ngati tikugwedezeka uku ndi uku ngati udzu pa kamphepo kayaziyazi, zili bwino. Ngati tonse tagonera mbali imodzi, kapena mbali yoyang'ana pampu ndi imene yatseka, tembenuzani pampu iloze pagalasi kapena pamwala kuti madzi amufike atafooka.

Mukamusuntha, musunthireni kamodzi, mumumatire bwino kuti asagwe, ndipo mumusiye. Kusuntha kulikonse kumamukakamiza kuzoloweranso kuwala ndi madzi atsopano. Gwirani chigoba chokha, osati mnofu, ndipo musanamutulutse m'madzi mugwedezereni madzi ndi dzanja kuti abweze timikono. Mnofu wodzaza madzi ukatulutsidwa uli wotutumuka umang'ambika ndi kulemera kwake komwe.

Anansi ndi adani a usiku

Makorali amaoneka ofatsa koma amamenyana polimbirana malo. Ena, monga Galaxea ndi korali wa hamala yemweyo, amatulutsa timikono tatitali toluma nato anzawo usiku. Makorali ofewa amathira m'madzi mankhwala ofooketsa anzawo. Ngati mbali imodzi yokha ya korali ndi imene ikuwonongeka, onani amene wayandikana naye mbali imeneyo. Siyani mpata wa masentimita 15 kapena kuposerapo pakati pa makorali oluma ndi anzawo.

Nsomba zina zimajompha makorali, makamaka za mtundu wa butterflyfish ndi angelfish zina, ndipo zimakonda kutero mwini wake akachokapo. Khalani patali kwa mphindi 20 mukuyang'ana. Nsomba za clownfish nazo, zikasowa malo ake enieni, zimakhala m'timikono ta korali wa hamala n'kumadzikhuza mpaka iye kutseka.

Pakatha ola limodzi kapena awiri nyali zitazima, bwererani ndi tochi. Adani ambiri amatuluka nthawi imeneyo: tinyongolotsi taphanthiphanthi tokhala pamnofu, tinkhono topanda chigoba timene timadya makorali a Montipora ndi a zoanthid, ndi nkhanu zobisala m'miyala. Palinso kanyama kofiirira kooneka ngati kaduwa kotchedwa Aiptasia, kamene kamaluma makorali ndi kuchulukana msanga.

Mukapeza tizilombo pa korali, muviikeni m'mankhwala otsukira makorali, m'kabeseni kapadera kokhala ndi madzi a m'thanki. Tsatirani muyezo ndi nthawi zolembedwa pabotolo, nthawi zambiri mphindi 5 mpaka 10. Mupemerereni madzi ndi sirinji kuti tizilombo tigwe, mumutsukuluze m'kabeseni kachiwiri, ndipo madzi onsewo muwataye. Mankhwalawa sapha mazira. Fufuzani mazira m'munsi mwa chigoba, muwapale, ndipo mubwereze kuviika pakatha sabata, mpaka tizilombo titasiya kuoneka.

Pamene kudikira n'koopsa

Matenda a utoto wofiirira aja safuna kuzengereza. Zimitsani mapampu onse kuti utotowo usauluke n'kukagwera pa makorali ena. Ukokeni ndi kapaipi kapena sirinji, n'kuutayira kunja kwa thanki. Tulutsani korali mosamala m'kabeseni. Ngati ali wa nthambi, dulani mutu wodwalawo ndi pulayazi yodulira, patali ndi mnofu wa mitu yathanzi, ndipo muutaye. Mitu yotsalayo iviikeni m'mankhwala a ayodini opangidwira makorali, ndipo ngati muli ndi thanki ina yaing'ono, isungeni mmenemo kwa masiku angapo mukuiyang'anira. Kutaya mutu umodzi mwa isanu kumawawa, makamaka mukakumbukira mtengo wake, koma kuusiya kungakutayitseni yonse pamodzi ndi makorali oyandikana nayo.

N'chimodzimodzinso ndi Acropora amene mnofu wake ukusupuka msanga kuchokera pansi. Dulani nsonga zathanzi pamwamba ndithu pa malire a mbali yodwala, muzimate pa timiyala ndi guluu wa cyanoacrylate wolimba ngati phala, ndipo muziike pamalo a madzi oyenda bwino. Kachidutswa kamodzi kakapulumuka, korali wanu sanatheretu.

Kudyetsa ndi kudikira

Korali woyezuka wataya munda wake, ndiye amadalira zimene angagwire ndi timikono. Mudyetseni kawiri pa sabata. Zimitsani mapampu kwa mphindi 15, ndipo ndi sirinji muike pang'ono tinkhanu tating'ono ta mysis kapena chakudya chaufa cha makorali pafupi ndi kakamwa kake. Chakudya chikhale chochepa, chifukwa chotsala chimavunda n'kuipitsa madzi. Ngati sakugwira, musamukakamize, yesaninso pakapita masiku atatu.

Kuchira kumatenga nthawi. Timikono tingayambe kutuluka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, koma mtundu umabwerera pakapita miyezi. Chizindikiro choyamba chabwino n'chakuti mnofu wasiya kubwerera m'mbuyo. Mukaona zimenezi pa zithunzi zanu, musasinthenso chilichonse.

Magetsi akazima

Kumadera kumene magetsi amazimazima, nkhaniyi muiganizire musanagule korali woyamba. Makorali amapirira mdima kwa masiku awiri kapena atatu, monga zimakhalira m'nyanja kukachita mitambo. Chimene chimapha msanga ndi kuima kwa madzi, chifukwa mpweya umachepa m'maola ochepa, makamaka m'thanki ya nsomba zambiri. Nkhanga zidapangana kusanapse. Khalani ndi kapampu ka mpweya koyendera mabatire, kapena batire ndi inveta zoti ziziyendetsa pampu imodzi. Zikasowa zonsezi, tungani madzi ndi jagi n'kumawathira kuchokera m'mwamba kwa mphindi zingapo, ndipo muzibwereza pafupipafupi. Nyengo yozizira fundikani thanki ndi bulangete. Musadyetse nsomba mpaka magetsi atayaka.

Thanzi la banja lanu

Mbali iyi ndi yofunika kuposa zonse, chifukwa moyo wa munthu sungafanane ndi wa korali. Makorali ofewa ooneka ngati timabatani tamitundumitundu, a Palythoa ndi ena a Zoanthus, angakhale ndi poizoni wotchedwa palytoxin, mmodzi mwa apoizoni amphamvu kwambiri odziwika m'chilengedwe. Asayansi adamupatula koyamba ku Hawaii mu 1971. Palibe mankhwala omusukulutsa m'thupi, ndipo kuchipatala amangothandiza wodwala pa zizindikiro zake. Ndi maso simungadziwe korali amene ali naye, choncho onse a mtunduwu muziwatenga ngati ali naye.

Poizoniyu amalowa kudzera pabala, m'maso, m'kamwa, ndiponso popuma. Mu 2015 bungwe la zaumoyo la ku America la CDC lidafalitsa lipoti la anthu a ku Alaska amene adadwala atapuma poizoniyu m'nyumba ndi m'sitolo ya nsomba. Mu 2018 ku Oxfordshire ku England, anthu a m'banja lina pamodzi ndi ozimitsa moto amene adabwera kudzathandiza adatengeredwa kuchipatala, mwala wa m'thanki utatsukidwa kunja kwa madzi. Choncho musaphike miyala ya m'thanki, musaithire madzi otentha, musaikweche ndi burashi pamtunda, ndipo musaisiye kuti iume m'nyumba. Nthunzi ndi timadontho touluka zimadwalitsa aliyense m'nyumbamo, ngakhale ana ogona kuchipinda, agalu ndi amphaka.

Pogwira makorali valani magolovesi aatali ndi magalasi otchinga maso, ndipo podula valaninso chotchinga pakamwa ndi pamphuno. Tsegulani mawindo. Mabeseni, sirinji ndi pulayazi za ntchitoyi zisalowe kukhitchini. Musayamwe kapaipi ndi pakamwa pofuna kuti madzi ayambe kutuluka. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono. Munthu akayamba kumva kuwawa ngati kwa chitsulo m'kamwa, kutsokomola, kubanika, kutentha thupi kapena kuphwanya m'minofu patapita maola ochepa chigwirireni ntchito m'thanki, onse atuluke panja ndipo apite kuchipatala msanga. Muwauze adokotala za makoraliwo, chifukwa zizindikirozi zimafanana ndi chimfine kapena malungo. Madzi a korali akagwera m'diso, litsukeni ndi madzi oyera kwa mphindi 15 kenako mupite kuchipatala.

M'madzi a m'thanki mungakhalenso kachilombo kotchedwa Mycobacterium marinum, kamene kamalowa pabala n'kuyambitsa chotupa chofiira padzanja patapita sabata zingapo. Chotupacho sichimva mankhwala wamba a zilonda. Muli ndi bala musaviike dzanja m'thanki opanda golovesi, ndipo odwala shuga ndi onse amene chitetezo cha m'thupi chidatsika asamale kwambiri. Kumbukiraninso kuti madzi amchere amayendetsa magetsi mosavuta. Masoketi akhale pamwamba, mawaya alendewere pansi kaye asanakwere kusoketi kuti madontho asatsetserekeremo, ndipo muzizimitsa hita musanatsitse madzi.

Pogula wina

Korali akafa, musathamangire kugula wina musanadziwe chimene chapha woyambayo. Dikirani mpaka zoyeza zanu zitakhazikika kwa mwezi wathunthu. Pogula, funsani ngati korali adaleredwa m'thanki kapena m'minda ya makorali, kapena adathyoledwa m'nyanja. Oleredwa amapirira bwino moyo wa m'galasi, ndipo kuwagula kumasiya matanthwe a m'nyanja ali chikhalire. Makorali onse a chigoba ali pa ndandanda yachiwiri ya pangano la CITES, lomwe lidasainidwa ku Washington mu 1973, ndipo kuwadutsitsa malire a dziko kumafuna chilolezo. Mukapita kukacheza ku gombe la Mozambique kapena ku Zanzibar, musathyole korali kuti mubwere naye kunyumba.

Watsopano aliyense muviikeni m'mankhwala otsukira asanalowe m'thanki, muyambe kumuika pansi pamene kuwala n'kochepa, ndipo tsikulo mulilembe m'kope lanu. Ana nawo apatseni gawo, monga kuwerenga thermometer m'mawa ndi kulemba nambala yake. Zogwira makorali ndi manja zisiyireni akuluakulu.